Nyama Zikufa ku Msitu wa Nambwale

Mudzi wa Mtepa,
Zomba.
Novembala, 1995.

Okondedwa achimwene anga Che Sadiki,

Asalamu alaikumu. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku migodi ya malasha ya Wanki. Kodi muli bwanji? Chifuwa chija munkanena m'kalata yanu ya nthawi yozizira chinaleka, kapena mukungotibisira monga mwa chizolowezi chanu? Nanga ana anu ndi adzukulu akudzuka bwanji? Mukakhala bwino inu, ife kuno tithokoza Mulungu.

Ife tilipo, koma kukhalapo kwake ndi kwa anthu a chaka chino. Amayi akudya pang'onopang'ono. Maso aja tsopano atsekekeratu, munthu akumamuzindikira ndi mawu basi. Mwana wanga Salma ali pano ndi ana ake awiri, mwamuna wake anapita ku Limbe kukasaka ganyu.

Alamu anu Che Nasiru anagonekedwa m'chipatala posachedwapa, ndipo nkhani yawo ndi imene yandikhazika pansi kuti ndilembe. Mtima usakuthaweni, ali moyo. Werengani mpaka kumapeto musanaganize kanthu. Mukhululukenso zilembo zokhotakhotazi. Ndi dzanja la sukulu ya kwacha ili, koma sindinafune kuti munthu wina andilembere.

Mwina munamva kuti nyanja yathu yaphwa. Musaganize kuti akukokomeza. Chilwa yense wasanduka bwalo. Anthu akupita ku chilumba cha Chisi pa njinga, fumbi lili koboo kumbuyo kwawo. Mabwato angogona chammbali pa matope ong'aluka, ena ayamba kudyedwa ndi chiswe. Bwato la alamu anu lili pomwepo. Mtsinje wa Likangala nawo wauma, ku sikimu mpunga wa chilimwe sanalime. Akuluakulu akuti inaphwanso muja inu munali musanapite, koma ulendo uno njala yake yaposa.

Tsopano ndibwere pa za Nambwale.

Mukukumbukira mawu anu. Munandilembera kuti simudzabwera kumudzi ngati mtchona wongodalira khonde la mlongo wake. Munati mukufuna panu penipeni, ndipo palibe pena pamene pali mtima wanu koma msitu uja munkasakamo ndi malemu bambo, pali kasupe pansi pa mikuyu paja. Munati mukapuma ntchito ya mumgodi mudzamanga kanyumba m'mphepete mwake, muzidzatchera agwape ndi nkhanga, osamvanso mluzu wa kapitawo. Ndinakumvani. Ndalama zimene munatumiza zilipo zonse, sindinakhudzepo.

Chaka chatha a Dunstan, eni msituwo, mnzawo uja wa bambo, anavomera kuti akusiyireni malowo pa mtengo wolingana ndi ng'ombe zitatu. Ndikunena m'ng'ombe chifukwa kwacha masiku ano sakhala malo amodzi, mtengo wa m'mawa si wa madzulo. Abale awo anavomereza, a mfumu nawonso anati alibe mawu. Chinatsala n'kungokumana pamaso pa mboni. Tinati tidikire anthu akolole kaye.

Ndiye nyanja inayamba kuthawa.

Madzi atatha m'dambo monse, kasupe wa ku Nambwale yekha ndiye anatsala akudontha. Nyama zonse za m'chigwa muno zinathamangira kumeneko. Mbawala, agwape, ngakhale mphoyo zimene tinkati zinatha kalekale, zinayamba kuoneka masanasana. Asodzi atasowa matemba anasanduka alenje. Ukonde wophera nsomba anayamba kuutchera m'thengo. Aliyense amene anali ndi kangachepe anayamba kufunsa a Dunstan ngati angamudulireko kachigawo.

Kenaka kunabwera a Patrick, munthu wa m'tauni ku Zomba, wa galimoto yakeyake ndi mfuti ya chilolezo. Anazungulira msitu wonse ndi nsapato zawo zazitali, anaona mapazi a nyama pa kasupe, ndipo asanakwere n'komwe galimoto anatchula mtengo wowirikiza kawiri pa umene tinagwirizana ife.

A Dunstan anabwera okha kudzandiuza. Anakhala pa khonde akuyang'ana zala za kumapazi kwawo. Anati, "Mwanahawa, mwana wa mnzanga, usandiyese wadyera. Nkhokwe yanga ili pululu, ndipo pakhomo panga pali pakamwa pambiri. Sadiki akafikako pa mtengo umenewu, malo ndi ake. Akalephera, undikhululukire."

Sindinawayankhe zoipa. Koma kuyambira tsiku limenelo chakudya chinaleka kutsika. Ndinkaganiza za inu pansi pa nthaka zaka zonsezi, kupuma fumbi la malasha, kenaka malo anu n'kutengedwa ndi munthu wongofuna posewerera Loweruka. Alamu anu anati tigulitse bwato ndi maukonde tiwonjezere. Koma ndani angagule bwato nyanja kulibe? Ndinayamba kukulemberani kalata yopempha kuti muwonjezere, ndinaing'amba. Ndinadziwa kuti mukatenga ngongole ya chaka china mumgodi.

Tili mkati mwa nkhawa imeneyi, tinayamba kuona miimba ikuzungulira pamwamba pa msitu.

Getrude mukumukumbukira? Mwana wamkazi wa a Dunstan, mnzanga uja tinkatunga naye madzi tili atsikana, wa mpata m'mano. Mwamuna wake anabwerera ku Mozambiki nkhondo itatha, sanamvekenso, ndiye iye ankalera ana ake atatu pakhomo pa bambo ake. Tinakumana pa mjigo m'mawa wina, nkhope yake ili see, ngati si chaka cha njala. Anandinong'oneza kuti kwawo ndiwo zasowa podyera. Akuti nyama zikungodzigwera zokha pafupi ndi kasupe, osafuna msampha, osafuna galu. Anati, "Mulungu watitsekera nyanja, watitsegulira msitu."

Anafuna kundipatsako mwendo wa gwape. Ndinamuuza kuti iwe ukudziwa, ife chibudu sitidya, nyama yofa yokha ndi haramu. Anaseka, nati Chisilamu changachi chidzandiphetsa ndi njala. Ndinaseka naye. Ndisanasenze ndowa anandigwira mkono, nati ndisauze munthu, chifukwa bambo ake sakufuna kuti a Patrick amve. Akuti zina zikumapezeka zitatupa kwambiri, zimenezo alongo ake akumazikwirira, akumangotola zooneka bwino.

Ndinapita kunyumba mtima ukundiuza kuti pali chinachake. Nyama yam'thengo siigwa chabe, achimwene, inu mukudziwa kuposa ine.

Pasanapite nthawi, alamu anu anatulukira m'mawa wina ndi mbawala yaimuna atayimanga pa njinga. Chimwemwe chili m'maso. Akuti anaipeza itaima m'njira ya ku kasupe, ikunjenjemera, osathawa. Anaigwira ndi manja, anatchula dzina la Mulungu, naizinga bwinobwino mwa chilamulo. Ndiye si chibudu. Adzukulu anayamba kuvina pabwalo.

Anaisenda pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinabwera ndi beseni, ndipo zimene ndinaona sindidzaiwala. Magazi anali akuda ngati phula, akungoyenderera, osaundana. Ena ankatuluka m'mphuno ndi kumbuyo komwe. Atang'amba mimba, kapamba anali wamkulu ngati wa ng'ombe, wofewa ngati phala.

Ndinati nyama iyi m'poto mwanga silowa.

Che Nasiru anati ngakhale nditapita kukafunsa a shehe, andiuza kuti ndi halali, chifukwa mpeni unapeza moyo ulimo. Ndinawayankha kuti mpeni wawo wangotsogola pang'ono, imfa inali itaigwira kale. Anati ana awa atha miyezi akudya masamba a chisoso opanda mchere wokwanira, ndiye ine ndikufuna kutaya chimene Mulungu wapereka. Ndinati Mulungu yemweyo anandipatsa maso. Anati ngati sindiphika ine, aphika Salma.

Achimwene, ndinalowa m'nyumba, ndinatenga botolo la palafini, ndinakhuthulira pa nyama yonse.

Alamu anu anakweza dzanja. Chikwatiraneni sanapangepo zimenezi. Dzanjalo linaima m'mwamba, kenaka analitsitsa, anatenga njinga napita kwa alongo awo. Adzukulu analira mpaka mawu kutha. Salma sanandiyankhule tsiku lonse. Ngakhale amayi anafunsa kuti ndi misala yanji yandilowa. Ndinakokera nyamayo kudzala ndi khasu, ndinaitentha ndekha, utsi wake ukununkha ndiwo, m'mimba mwanga mukulira ngati mwa aliyense. Ndikuuzeni zoona, ine ndemwe sindinali wotsimikiza. Ndinkati mwina ndalanda ana chakudya popanda chifukwa.

Atabwerera kunyumba, Che Nasiru anali ndi kachithupsa pa mkono, pamene fupa linawakanda posenda. Kanayamba ngati polumidwa ndi udzudzu. Kenaka pakati pake panada ngati khala, m'mbali muli timatuza, mkono n'kutupa ngati munsi. Ndikawauza za kuchipatala ankati chilonda chosapweteka sichipha munthu. Ankakwiyabe nane, ndiye mawu anga ankawamva ngati phokoso.

Sabata yomweyo Getrude anagwa. Anayamba ndi kupotokola m'mimba, kenaka kusanza magazi. Anthu anati ndi kolera, poti nayonso yavuta m'midzi ya m'mbali mwa nyanja chaka chino. Ndinapita kukamuona. Mimba inali itatupa, milomo itauma, koma anandizindikira. Anandigwira chala nati, "Mwanahawa, kodi ndi nyama ija?" Ndinamuuza kuti asayankhule, asunge mphamvu. Anamunyamula pa ngolo mpaka kumsewu, anafika naye ku chipatala chachikulu ku Zomba, koma sanagonemo kawiri.

Tinamuika mnzanga. Mlongo wake mmodzi ndi mwana wake wamkulu anadwalanso, koma iwo anawathamangitsira kuchipatala msanga, anachira.

Tikuchokera kumanda, alamu anu anakhala pansi m'mbali mwa njira, thupi likutentha, nati, "Mayi a Salma, ndiperekezeni." Mawu oyamba abwino amene anandiyankhula chichitikireni za palafini zija ndi amenewo.

Kuchipatala dokotala atangoona chilondacho anafunsa ngati anasendapo nyama yodwala. Anawagoneka, anawabaya majakisoni m'mawa ndi madzulo mpaka matako kulimba. Anati tikanachedwa pang'ono poizoni akanalowa m'magazi. Anafunsanso kuti nyamayo anadya ndani. Nditanena kuti palibe, anangogwedeza mutu n'kupitiriza kulemba. Ine ndinatuluka panja, ndinakakhala pansi pa mtengo. Ndinkaona nkhope za adzukulu anga akuvina pabwalo paja.

Mkono watsala wofooka, chipsera chake ndi chachikulu, koma munthu tabwera naye.

Kenaka kunabwera alangizi a ziweto ndi anthu a zaumoyo. Anasonkhanitsa mudzi, analetsa kudya kapena kusenda nyama ina iliyonse ya ku Nambwale. Anatchula dzina la matendawo m'Chingerezi, lilime langa silingalikwanitse. Akuti amagwira nyama zam'thengo, ng'ombe, mbuzi ndi anthu omwe. Akuti kachirombo kake kamagona m'nthaka, kamadzuka chilala chikavuta, nyama zikamadya udzu mpaka kumizu ndi kununkhiza fumbi. Anafukulitsa zimene ana a Dunstan anakwirira mosazama, anazitentha, zina anazikwirira m'maenje akuya atathira laimu.

Ine ndinaimika dzanja pamaso pa amuna onse, ndinafunsa kuti kachiromboko kamakhala m'nthaka zaka zingati. Mlangiziyo anati sangandinamize. Mwina mvula ikagwa bwino zitha, nyama n'kuswananso. Mwinanso zidzadzuka nyanja ikadzaphwanso, ngakhale adzukulu anga ali ndi imvi. Anati palibe munthu angalumbire.

A Patrick anabwera utsi ukufukabe m'msitu. Sanatsike m'galimoto. Anatsitsa galasi pang'ono, nauza a Dunstan kuti iwo ankafuna malo obwerako ndi anzawo kudzasangalala, osati manda. Anatembenuza galimoto, basi. Onse aja ankapempha zigawo anazimiririka. Eni ng'ombe asamutsira makola awo kumtunda. Ngakhale timadambo toyandikana ndi msituwo, timene anthu ankalimbirana kuti azitcheramo mbalame, lero palibe akutifunsa. Ku msika wa Songani munthu ukangonena kuti nyama yachokera kunyanja, anthu akumabweza ndalama m'thumba.

Watsala wogula mmodzi, Che Rajabu a ku Songani, ogulitsa nkhuni ndi makala. Iwo akuti mitengo siidwala. Atchula mtengo wa ng'ombe imodzi, yowondanso. Sakubisa chimene akufuna. Adula zonse, ndi mikuyu ya pa kasupe yomwe, aotche makala, chikamatha chaka pakhale poyera. Sindikuwanena, nawonso ali pa ntchito yawo. Koma mikuyu ikapita, kasupe naye apita.

Pano m'nyumba muno sitikugwirizana.

Alamu anu, omwewo a chipsera pa mkono, akuti tigule. Akuti mwayi wotere sudzabweranso, malo amene dzana anali osafikirika lero akugwa okha m'manja. Akuti matenda ndi mlendo, nthaka ndiye mwini mudzi. Mvula ikabwera nyama zibwerera, ndipo pa ndalama zanu patsala zambiri zoti mudzamangire nyumba ya malata. Akuti Che Sadiki ndi mlenje, akudziwa kusiyanitsa nyama yodwala ndi yabwino. Ndinawafunsa kuti nanga inu simunali kudziwa? Koma maganizo awo sanasinthe.

Ine ndikuti ayi. Kenaka ndikuti eya. Kenaka ayinso. Ndikagula, ndiye kuti thukuta lanu lonse ndalikwirira m'nthaka imene yadya Getrude. Ndikuona inu mutabwera, mutakalamba, chifuwa chikuvuta, mwapeza gwape waima m'njira osathawa. Kodi mudzamusiya? Ndikukudziwani, achimwene. Ndikapanda kugula, Che Rajabu alowa ndi nkhwangwa, ndipo pamene munkabisala ndi bambo kudikira mbawala mudzapeza zitsa ndi phulusa.

Lachisanu lapitali, amuna atapita ku mzikiti kukapemphera Ijumaa, a Dunstan anabwera. Munthu uja watha. Malaya akungolendewera. Ndinawayalira mkeka, anakana, anakhala pa dothi.

Anati, "Mwanahawa, nyama yoyamba yotupa ndinaiona ndi maso angawa. Ndinati tiikwirire mwakachetechete kuti mtengo usagwe. Mtengo wagwabe, ndipo mwana wanga ndamuika."

Ndinawapatsa madzi, anangowagwira m'manja.

Anati ana a Getrude atsala m'manja mwawo, ndipo chimanga cha ku msika sichimva chisoni. Msitu augulitsa basi, sangachitire mwina, ndiponso safuna kuuonanso. Anati mtima wawo ukufuna upite kwa mwana wa mnzawo, osati ku ng'anjo ya makala. Koma anati ndikamakulemberani ndisabise kanthu, ndinene zonse, ndi za iwo zomwe. Anati, "Ndanamizapo kamodzi, zandikwana. Sadiki akafuna, apereke chimene mtima wake wamuuza. Akakana, sindimuda. Ndidikira mpaka mvula yobzalira. Ikagwa, ndimuitana Rajabu."

Achimwene, mitambo yayamba kale kusonkhana ku phiri la Zomba madzulo alionse. Anthu onse akuyang'ana kumwamba ndi kupempha kuti igwe. Ine ndekha m'mudzi muno ndikumapempha kuti igwe, kwinaku ndikuopa kuti igwa yankho lanu lisanafike.

Dzulo ndinapita ndekha ku Nambwale. Ndinati ndisakulembereni za malo amene sindinawaone. Ndinavala nsapato za alamu anu monga anatiuzira alangizi aja. Mitengo ilipo yonse, mthunzi wake ndi womwe uja, kozizira ngati si chaka cha chilala. Koma muli zii. Apa ndi apo pali mabala akuda pamene anatenthera nyama, pena milu ya dothi yoyera laimu. Kasupe akudonthabe.

Ndili chiimire, kunatulukira kagwape kakakazi. Kanali konenepa bwino, makutu ali tcheru, kakuponda mosamala kulunjika kumadzi. Poyamba mtima unasangalala, ndinati zilipo zotsala. Kenaka ndinaona kuti kakupita kukamwa pompaja pamene zinzake zinagwera. Ndinatola chibuma ndinakagenda. Kanathawa. Ndinatsala ndikudzifunsa kuti ndakathamangitsira kuti, poti madzi ena kulibe m'chigwa chonse.

Mmene zililimu ndi mmenemo. Sindikudziwa ngati ndikukusungirani malo kapena ndikukutcherani msampha.

Tsopano ndinene chimene chikundisowetsa mtendere kuposa zonse. Kalata iyi ndaichedwetsa dala. Ndinkaopa kuti mukamva kuti Nambwale waipa, munena kuti basi, ndigwireko zaka zina ziwiri, ndipeze malo ena. Munatero alamu anga atamwalira kumeneko. Munateronso mwana wanu womaliza atakwatira. Nthawi zonse pamakhala chinthu chimodzi chotsala kuti mubwere. Tsopano chinthucho chinali msitu, ndipo msituwo wadwala.

Alamu anu anati ndingogula mwakachetechete, ndikulembereni kuti malo apezeka, mubwere, zinazo mudzazimvera konkuno. Ndinaganizapo, sindikana. Koma ndaona kumene kukhala chete kwafikitsa a Dunstan.

Amayi akamva lole ikudutsa kumsewu wa ku doko amadzutsa mutu n'kufunsa ngati yaima. Sanena dzina lanu, koma tonse timadziwa. Masiku ena amayankhula ndi Che Nasiru ngati akuyankhula ndi inu, ndipo alamu anu amangovomera kuti asawakhumudwitse. Sindikudziwa ngati aona mvula ya chaka chamawa. Inunso chifuwa chanucho sindikuchikhulupirira.

Ndiye pempho langa ndi ili. Za msitu, lamulani inu. Ndalama ndi zanu, maloto ndi anu. Mukati gula, ndigula, ndipo ndikupemphani kuti tisawapondereze a Dunstan pa mtengo wa Che Rajabu, chifukwa kumeneko kuli ana amasiye a mnzanga. Koma mudzandilonjeze pamaso pa a shehe kuti simudzasenda kapena kudya kanthu ka m'menemo mpaka alangizi atanena. Mukati usagule, sindigula, ndalama zanu mudzazipeza mmene munazitumizira. Yankhani msanga, ngakhale ndi telegalamu ya mawu amodzi.

Koma kubwera kwanu musakumangirirenso ku msitu. Gulani kapena musagule, bwerani. Mawu aja akuti mtchona wodalira khonde la mlongo wake munadzinenera nokha, kuno palibe anakunenanipo. Ndinu mwini mbumba. Maliro a Getrude atachitika, ine ndinalibe mlongo woti ndikamulirire. Che Nasiru ali m'chipatala, ndinkasenza ndekha nkhani zimene mukanasenza inu. Ndatopa, achimwene. Sindikufuna malo anu, sindikufuna malata anu. Ndikufuna munthu woti ndikamuitana kuti achimwene, avomere ali pafupi.

Mupereke moni kwa ana anu onse ndi apongozi anu, muwauze kuti azakhali awo amawakumbukira m'mapemphero ngakhale sanawaonepo. Moni kwa anzanu a kwathu kuno amene muli nawo kumeneko. Amayi akuti Mulungu akusungeni pansi pa nthakapo. Salma ndi ana ake akupereka moni. A Dunstan anati ndikuuzeni kuti uta wa bambo ukadali kwawo, mudzautenge, mugule kapena musagule.

Alamu anu akupereka moni wawo. Pa za msitu sitinagwirizane, koma pa ichi tagwirizana: ayamba kuumba zidina za kanyumba kanu kuseri kwa nyumba ya amayi, ndi dzanja limodzi labwinolo, ine ndi Salma tikuponda dothi. Makoma afika m'chiuno. Pa khomo pokha sitinasiye mpata, tikudikira mwini wake adzanene kumene liyang'ane.

Mulungu akupatseni mphamvu, akutsegulireni njira, atikumanitse tili ndi moyo. Inshallah.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani masiku onse,

Mwanahawa